Kumapeto Waima

Bukulo linalibe chikuto. Wina amene anatuluka m'chipatalamo kale, kaya wamoyo kaya ayi, analisiya m'kabati ya pambali pa bedi, ndipo Telala analipeza akufuna poika sopo. Linali buku la zachikondi, la mtundu umene anthu akuluakulu amati sawerenga koma amalidziwa lonse. Anayamba kuliwerenga mokweza masana ena chifukwa mwamuna wake anali atasiya kuyankhula, ndipo kukhala chete kwakeko kunkamuopsa kuposa kubuula.

M'wodi ya ovulala msana anthu sankaitanana mayina. Munthu ankatchedwa ndi chimene chinamubweretsa. Mwamuna wakeyo anagwa padenga la nyumba ya eni ake akukhoma malata, ndiye anali Wamadenga. Bedi loyandikana ndi lake linali la Dalaivala, amene lole yake inagubuduzika. Pakona panali Aphunzitsi, amene anangoterereka m'bafa, ngozi yopanda ulemu moti iwo eni sankafuna kuti izikambidwa. Mkazi wa Wamadenga ankamutcha Telala chifukwa ankasoka madiresi asanatseke makina, n'kusiya mwana kwa mng'ono wake, kubwera kudzagona pampando pambali pa mwamuna wake.

Mayi wa mafizo, amene ankaphunzitsa odwala kugwiritsa ntchito thupi lomwe lawatsalira, sanali munthu wopaka mawu shuga. Anaitanira Telala pakhonde n'kumuuza zonse.

"Mtsempha unadukiratu, mayi. Miyendo ija siidzayendanso. Chimene ndingawaphunzitse n'kuchoka pabedi kupita panjinga ya olumala ndi manja awo. Mwezi uno ukatha mukutuluka, bedili likudikira wina. Akapita kunyumba asanaphunzire, akakhala chigonere, akachita zilonda kumatako, ndipo zilondazo zikawatenga. Ndaona ambiri. Sindikukuopsezani."

Koma Wamadenga njingayo sankafuna n'kuiyang'ana komwe. Ankati analowa pamachira ndipo adzatuluka ndi miyendo yake, apo ayi atuluke pamachira pomwepo.

Nkhani ya m'bukumo inali ya mnyamata wozimitsa moto amene khoma linamugwera pamsana, ndi chibwenzi chake, mtsikana wogulitsa mankhwala, amene anakana kumusiya ngakhale abale ake ankamukokera kwa mwamuna wina wamiyendo iwiri ndi galimoto. Telala ankawerengera mwamuna wake, koma m'wodi mulibe makoma, ndipo pasanapite masiku wodi yonse inali itakwatira mtsikanayo.

"Bodza lenileni," ankatero Dalaivala. "Mkazi wokongola choncho angakhale? Wanga anabwera kamodzi ndi malalanje. Mpaka lero ndikudikira kuti adzatenge jumbo yake."

Aphunzitsi ankatsutsa mwaukadaulo. "Wolemba ameneyu sanalowepo m'wodi. Masamba onsewa palibe pamene munthu wadziipitsira pabedi. Akungonunkhira maluwa basi." Koma Telala akangoima kuti amwe madzi, woyamba kutsokomola anali iwo omwe. "Pitirizani, mayi, tione kuti bodza lakelo lithera pati."

Wamadenga ankangoyang'ana kudenga, mwina kuwerenga zolakwa za amene anakhoma siling'i. Tsiku lina, mtsikana wa m'buku akumeta ndevu za bwenzi lake, anafunsa osatembenuza mutu.

"Iyeyu anaduka pati? Pamwamba pa mchombo kapena pansi?"

"Sanalembe, bambo a mwana."

"Ndi pansi. Ngati ine."

Awa anali mawu ake oyamba sabata imeneyo, ndipo Telala anawerenga tsamba lotsatira.

Tsoka linabwera ndi achemwali ake a Dalaivala, mayi wamtima wabwino koma wapakamwa posatseka, amene ankabwera Loweruka lokha. Anamvetsera mutu umodzi, mtima unakana kudikira, ndipo anabwereka bukulo kuti akagone nalo. Mawa lake, ngakhale silinali tsiku lake, analowa m'wodimo akulikupiza m'mwamba, maso ali otupa.

"Ndamaliza! Ndalira ine, anthuni, ndalira! Kumapeto waima!"

"Musatiululire!" anakuwa Dalaivala.

"Sindikunena zambiri, achimwene. Koma waima. Ndinkati sizingatheke, koma waima!"

Anaponya bukulo pabedi, anasiyira mchimwene wake zovala zochapa, n'kuthamangira basi. Sanaone chimene anasiya m'mbuyo. Wamadenga anali atagwira mkono wa mkazi wake mwamphamvu mpaka zala zinalowa m'mnofu.

"Wamva? Waima."

Telala nayenso anakhulupirira, tisamunamizire nzeru zomwe analibe. Anatenga beseni ngati akukachapa, buku atalibisa pansi pa matawulo, ndipo kuseri, pakati pa zingwe zoyanikapo, anatsegula mutu womaliza. Mnyamata uja anali m'khitchini, pa njinga ya olumala, akusenda anyezi. Mtsikana uja, tsopano mkazi wake, analowa, anagwada, anatenga dzanja lake n'kuliika pamimba pake. "Ndaima," anatero. Buku linathera pomwepo, pa mimba.

Anaseka kamodzi, kuseka koipa kotuluka m'mphuno, kenako anakhala pansi pa simenti yonyowa. Achemwali aja sananame. Mkazi akatenga pakati amati waima, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. Koma mawu amenewo sanenedwa m'chipinda chodzaza amuna amene amalota chinthu chimodzi chokha.

Akanamuuza tsiku lomwelo. Anabwerera m'wodi mawu ali okonzeka pakamwa, koma anapeza mwamuna wake akudya. Ankadya yekha, ndi dzanja lake, mpaka kunyambita supuni, munthu amene kwa milungu ankangolawa n'kukankha mbale. Anapempha lezala. Anamuseka Dalaivala za malalanje aja. Madzulo ake anagwira tsaya la mkazi wake n'kunena kuti waonda, ndipo akatuluka adzamunenepetsa. Ndani angalande munthu chinthu ngati chimenecho? Telala anameza mawu ake.

Kuyambira pamenepo Wamadenga anavuta kuposa kale. Njinga anaikana ndi mtima wonse, tsopano ali ndi umboni. Ankafuna zitsulo ziwiri zija zimene amagwirira anthu ophunzira kuyenda. Mayi wa mafizo anakana, anakananso, kenako analola kuti mwina akadzionera yekha amva. Anamunyamula anthu awiri n'kumupachika pakati pa zitsulozo. Mikono ya munthu wokhoma madenga ndi yamphamvu, ndipo inamugwira nthawi yaitali, misempha ya m'khosi itatuluka, thukuta lili kamukamu, miyendo ikulendewera ngati thalauza lonyowa. Kenako anagwa n'kung'ambika mlomo. Anaseka magazi ali m'mano.

"Nayenso uja ankagwa," anatero. "Mutu wachisanu uja. Mawa tibwerenso."

Telala anayamba kuchedwetsa buku. Masamba otsala ankachepa, ndipo iye ankawatanula ngati nsalu yosakwana diresi. Anabweretsa azakhali a mtsikana amene wolemba sanawalembe. Anagwetsa mvula ya masiku angapo. Anadwalitsa galu. Ankawerenga maso ali patsamba, pakamwa pakutuluka zake.

"Mayi," anatero Aphunzitsi tsiku lina, "tsamba limenelo ndi lalitali bwanji? Chiyambire simunatembenuze."

"Zilembo zake n'zazing'ono, Aphunzitsi."

Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, ndipo sanafunsenso.

Anali atasoka kale mathero ena m'mutu mwake, osalala bwino, opanda ulusi wolendewera. Mnyamata adzagwira m'mphepete mwa tebulo, adzadzuka, adzaponya phazi limodzi, kenako lina, mtsikana akulira pakhomo. Ankawabwereza posamba kuti asadzapunthwe. Ankadziuza kuti bodza limene likudyetsa munthu si bodza loipa, ndipo masiku ena ankakhulupirira.

Sabata yomaliza, akumutembenuza m'mawa kuti amupukute, anaona malo ofiira m'munsi mwa msana, aakulu ngati chivundikiro cha botolo, khungu litayamba kusupuka pakati. Anawakhudza ndi chala. Mwamuna wake sanamve kanthu, ankangoimba kanyimbo ka m'mano. Anaitana mayi wa mafizo, ndipo iye anayang'ana, anaphimba, n'kumukokera pakhonde.

"Chayamba. Mwawauza chiyani bambowa? Anali pafupi kugonja n'kulola njinga, pano akundiuza za munthu wozimitsa moto."

Telala anafotokoza zonse, za achemwali aja, za mawu aja. Ankayembekezera kukalipiridwa. Mayiyo anangotseka maso.

"Ine ndawauza kambirimbiri, sandimva. Akumva inu ndi buku lanulo. Lachisanu mukutuluka."

Mayiyo anasiya njinga kumiyendo kwa bedi, mabuleki atamanga, monga ankachitira m'mawa uliwonse, ndipo Wamadenga anaifunditsa tawulo monga ankachitira m'mawa uliwonse.

Masana amenewo wodi inadzaza. Anamwino awiri anaima pakhomo ngati akudikira china. Wokolopa anakolopa malo amodzi mpaka kuwala. Wamadenga anapempha kuti amukweze ndi mapilo, atameta, atapesa, ngati munthu wopita kukalandira mphoto.

Telala anatsegula mutu womaliza. Anawerenga za khitchini, za anyezi. Pa mawu akuti njinga anaima, ndipo mathero ake osoka aja anali pomwepo palilime, okonzeka, okoma. Anayang'ana mwamuna wake. Nkhope yake inali yowala ngati ya mwana, ndipo pansi pake, pamene iye sankatha kumva, chilonda chinali chikudya. Anachita mantha kuposa tsiku limene anamuimbira foni kuti wagwa. Anawerenga zimene zinalembedwa, liwu ndi liwu, mpaka pa dzanja lija pamimba, mpaka pa mawu omaliza, ndipo anatseka buku.



"Aa!" anatero Dalaivala. "Ndiye woimayo ndi mkazi?" Anayamba kuseka chikhakhali, anatembenuka kuti aseke ndi mnzake, ndipo kusekako kunafera pakhosi.

Namwino mmodzi ankapukuta misozi, akuti n'zokoma, mwana abwera. Aphunzitsi anavula magalasi. "Pamenepa pokha," anatero motsitsa, "wolembayu sananame."

"Werenganso," anatero Wamadenga.

Anawerenganso.

"Palibe tsamba lina? Silinathothoke?"

"Palibe, bambo a mwana."

"Unadziwa liti?"

"Tsiku lomwe lija."

"Tsiku lomwe lija." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye unkandionerera ndikulendewera pazitsulo ngati chitsiru. Ndikung'ambika mlomo. Iwe uli pomwepo, ukudziwa."

"Munkadya," anatero Telala. "Munkaseka. Ndinalibe mtima woti..."

"Azakhali aja? Galu uja?"

"Anali anga."

Wamadenga sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa. Anatenga bukulo m'manja mwake mwaulemu, analiika pa kabati, n'kuyankhula ngati akuuza kasitomala mtengo wa malata.

"Tenga chikwama chako. Pita ukatsegule makina ako, ukalere mwana. Uja wa m'bukuyo anakhala chifukwa ndi wapapepala. Iwe ndiwe munthu, uli ndi zaka zambiri kutsogolo. Ine andinyamule achimwene anga, akandigoneke, zithe mmene zithere. Pita."

"Muli ndi chilonda kumsana. Chayamba lero."

"Ndiye sizichedwa. Pita."

Anthu a pakhomo aja anabalalika mwakachetechete. Dalaivala anadzifunditsa kumutu. Telala anadzuka, chifukwa kwa zaka zonse za banja lawo mwamunayu akanena ndi mawu amenewo nkhani inkakhala yatha. Anatulutsa chikwama pansi pa bedi. Anaikamo chipeso, mpango, kapu yake. Sankadziwa ngati akupitadi kapena akungosuntha manja. Anali atayesa choona, anali atayesa bodza, ndipo analibenso china choti ayese. Anayenda mpaka kumiyendo kwa bedi, ndipo pamenepo anangogwera pa chinthu choyamba chimene chinali pafupi.

Anakhala panjinga ija, pamwamba pa tawulo, chikwama chili pamiyendo, ndipo analira. Sikunali kulira kwa ulemu kumene ankalira kuseri kwa zingwe. Kunali kwa pakamwa poyasama, mamina ali chuchuchu, mapewa akugwedezeka, kulira kwa munthu amene watopa mpaka m'mafupa. Sankaona aliyense.

Wamadenga anamuyang'ana. Anaona mkazi wake ali pakati pa matayala awiri, mapazi ake ang'onoang'ono atapondera pa zitsulo zopondera, mutu uli pansi, ndipo nkhope yake inasintha ngati waona ngozi pamsewu.

"Iwe," anatero. Sanamve. "Amake mwana. Dzuka pamenepo."

Telala anapukusa mutu.

"Ndati dzuka. Usakhale pamenepo, sindifuna kukuona pamenepo." Anakankha mapilo, anadzikoka ndi zigongono mpaka m'mphepete mwa bedi, akupuma movutika, miyendo ikutsalira m'mbuyo, n'kutambasula dzanja kugwira chogwirira cha njingayo. "Choka, mayi. Si yako imeneyi. Ndi yanga."