Matumbo a Bambo Akana Njira

Koma si iwo amene anatseka matumbo a amuna awo, ayi ndithu, mayi atelalawo anazimva bwinobwino kwa dokotala: opaleshoni yakalekale ija inasiya zipsera m'kati, timinofu tomata ngati ulusi, ndiye tinamanga matumbo aang'ono mpaka chakudya kusowa podutsa. Za ulusi wokodana angawauze ndani iwo? Komabe, atakhala pa mpando wa m'wodimo, chikwama pamwendo, mtima unkabwerera ku botolo la mankhwala otsegula m'mimba limene anawamwetsa bambowo kunyumba, mimba ikufufuma, munthu akusanza zobiriwira, iwo ali kalikiliki kuwonjezera supuni — anali kuthandizatu, mkazi aliyense akanatero — kapena ndi iwo anaunjika katundu pa khomo lotseka?

Ayi. Anafika nawo kuchipatala ali moyo, ndipo adzatuluka nawo ali moyo.

Chubu cha m'mphuno chinkakoka madzi onyansawo kuwathira m'thumba, diripi ikudontha, pakamwa posaloledwa kanthu ngakhale madzi.

"Akaphwisa, ndiye kuti njira yatseguka," anatero dokotala m'mawa. "Akapanda kutero pofika madzulo, tikawang'amba."

Ha, dziko ili! Bambo amene ankagwedeza mabulangete mpaka mayi kukagona pa balaza, amene ankanamizira galu alendo ali pomwepo, lero pofunika ntchito yawo yeniyeni angoti zii.

"Mayi, kadontho chabe," bambowo ananong'ona, milomo itauma.

"Inu, mundipatse changa kaye. Madzi pambuyo."

Anawapukuta milomo ndi kansalu konyowa, kapu n'kuikankhira kutali, pakuti kuwamvera chisoni munthu uyu ndiye kunawafikitsa pano, ndipo mpeni wachiwiri — dokotala sanabise — umatha kusiya ulusi watsopano m'mimba momwemo. Dzuwa linachoka pa bedi n'kukwera khoma. M'khonde munadutsa machira a matayala, mayi anacheuka msanga, koma machirawo anapitirira.

Kenako kunamveka kaphokoso, kochepa, kamanyazi, konga nsalu yakale ikung'ambika.

Mayi anadzuka. Amuna awo anali atatsinzina, nkhope yosanena kanthu. Pa bedi loyandikana, nkhalamba ya mwendo wa pulasitala inkayang'ana kudenga mwaulemu wokayikitsa. Mayiwo anawerama pakati pa mabedi awiriwo, dzanja lili pa mimba ya amuna awo yolimba ngati ng'oma ija, akununkhiza mpweya pang'onopang'ono, ndipo pansi pa chikhatho chawo china chake chinakhala ngati chasuntha.