Asilikali a Bambo

Sabata zitatu zathunthu akulimbana ndi bambo ake, koma mapilisi anali chikhalire mu shedi yawo yowotchereramo zitsulo, pakati pa chitini cha girisi ndi mabawuti adzimbiri, osatsegulidwa n'komwe. Bambowo ankamutchula kuti Dokotala, momunyogodola, chifukwa ntchito yake inali yoyeza magazi mu labu ya chipatala. Ndiye tangoganizani, mayi woyeza magazi a anthu mazanamazana kukanika kumwetsa kholo lake kapilisi kamodzi patsiku. Zinkamuwawa koopsa.

Zonse zinayamba ndi pepala. Mtima utawathina bambowo ali pa ntchito, anawayeza, ndipo panapezeka zinthu ziwiri: mafuta oipa m'magazi anali atakwera, komanso maselo oyera, aja timati asilikali a m'thupi, anali ochulukirapo. Kuchipatalako anawalembera mapilisi otsitsa mafutawo. Za mafutazo zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Mkuluyo anangotolapo za asilikali basi, n'kumayenda nalo pepalalo m'thumba la ovolosi, kuonetsa makasitomala ngati satifiketi.

Loweruka Dokotala anapitanso ku shediko. Anawapeza akuwotcherera geti, anadikira mpaka atakweza chigoba chakumaso, n'kuyambanso nyimbo yake yomwe ija. Anati mafuta sayenda okha m'magazi, amachita kunyamulidwa. Pali zonyamula zina zimene zimakawatula m'mitsempha, pali zina zimene zimawatolera n'kubwerera nawo kuchiwindi. Zotolerazo zikalephera, mafuta amakasokoneza m'kati mwa mafupa, momwe magazi amapangidwira, ndipo mafupawo amayamba kutulutsa asilikali mosapumira. Asilikali osowa nkhondowo ndi amene amakaunjikana m'mitsempha ya mtima limodzi ndi mafuta aja, njira n'kutsekeka.

Bambo ake anamvetsera akupukuta manja ndi chisanza. Kenako anafunsa funso limodzi lokha, loti mafutawo akatsika, kodi asilikali atsikanso? Iye, ndi chilungamo chake chosayang'ana nyengocho, anavomera kuti inde, akhoza kubwerera pa mlingo wake. Mkuluyo anangomuuza kuti wadziyankha yekha.

Apa ndiye mtima unamukwera Dokotala. Anawauza kuti watopa kuthira madzi pa msana wa bakha, kuti iye sanapite kusukulu kukasewera, kuti ulendo wina mtimawo ukawagwira sudzachita kugogoda. Analankhula mpaka mawu kusasa. Bambowo sanakweze mawu.

"Mapepala a magazi a mayi ako ndinkawerenga ndine, iwe uli kusukulu komweko," anatero. "Mwezi ndi mwezi nambala inkangotsika. Tsiku limene anandiuza kuti asilikali atha, sitinamalize nawo sabata. Lero ine ndili nawo ochuluka, ndiye ukuti ndimwe chowachepetsa?"

Dokotala ankadziwa bwino kuti matenda a mayi ake anali ena, osagwirizana ndi izi ngakhale pang'ono, koma ukayambira pati ndi munthu amene anakhala pampando wa m'wodi miyezi isanu ndi itatu? Anatuluka, n'kukaima pafupi ndi mulu wa mapaipi, akudzitukwana chamumtima. Choonadi anali atachiyesa m'njira zonse ndipo chinali chitakanika.

Atabwerera ananama. Anati pepala lija analiwerenga molakwika, waonanso bwinobwino, mapilisiwo sachepetsa asilikali koma amawaonjezera. Bodzalo linamutuluka mosavuta mpaka iye mwini anachita nalo manyazi.

Nkhope ya mkuluyo inamasuka nthawi yomweyo. Anamuseka kuti madokotala a masiku ano amachita kudikira wowotcherera zitsulo awakonze. Anatsegula kabotolo, n'kukhuthulira mapilisi anayi m'dzanja lakuda ndi girisi, ati alipiriretu masiku amene anadumpha. Dzanja lisanafike pakamwa, Dokotala analigwira mwamphamvu.

"Limodzi lokha, bambo. Chonde, limodzi."

"Ngati amaonjezera, ukundiletseranji?"

Maso a Dokotala anathawira pansi. Bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anabwezera mapilisiwo m'botolo, limodzilimodzi, n'kutseka, n'kumuikira botololo m'manja.

"Nthawi yonseyi ndimakana mapilisi okha," anatero. "Iwe ndinkakukhulupirira."

Anatsitsa chigoba kumaso n'kuweramiranso geti lija.