Nthenga Pa Phazi la Bambo Gervásio

Matenda a shuga anawadya mapazi bambo Gervásio mwakachetechete. Tsiku lina anachoka kumunda kwawo ku Mualadzi n'kufika pakhomo ndi nsapato imodzi, inayo itatsala m'matope, eni ake osadziwa n'komwe. Mapazi anali atafa dzanzi.

Mwana wawo Carla, amene amagwira ntchito ku Joni, ndiye anaimba foni. Akuti kumeneko kuli chipatala chokhala ndi chimgolo chachitsulo. Amakulowetsamo, n'kutseka, n'kupoperamo mpweya wa okisijeniyo mwamphamvu, ndipo akuti ena mitsempha imadzukako. Akazi awo, mayi Crimilda, sanafunsenso zambiri. Anagulitsa ng'ombe zonse ziwiri zokoka ngolo, bambo n'kukwera basi.

Anabwerako chimanga chitauma, mano onse ali pamtunda.

"Ndachira, amake Carla! Ng'ombe zanu zija sizinapite pachabe."

Enfermera, namwino wa ku Chifunde, anali atawaphunzitsa mayi kayesedwe kake: bambo azitsinzina, iwo n'kumawakhudza kuphazi ndi nthenga ya nkhuku. Ndiye m'mawa uliwonse pakhonde zinali zomwezo.

"Apa?"

"Ndamva."

"Nanga apa?"

"Aa, mukundigirigishatu inu!"

Mayi ankaseka mpaka misozi. Anauza amayi anzawo onse kutchalitchi, ndipo nkhuku imene anaizula nthengayo anakaipereka pa Misa yothokoza.

Loweruka lina ali mkati moyesa, mbuzi inalowa pamphasa ya chimanga. Mayi anatembenuka kuti aikalipire, nthenga ili m'malere, pakamwa pokha n'kufunsa mwachizolowezi: "Apa?"

"Ndamva," anatero bambo.

Mayi anaika nthengayo pamiyendo pawo, manja n'kuwapinda.

"Nanga apa?"

"Apo ndiye ndamva bwinobwino."

Kalanga ine! Munthu wamkulu, bambo wa mwana, kumanama m'mawa uliwonse chifukwa chochita manyazi ndi ng'ombe ziwiri! Mayi anafuna kukalipa, koma chimene chinawagwira chinali chisoni chokhachokha.

Ananyamula phazilo kuti alione pansi. Pakati pa zala panali munga wa mthethe utalowa wonse, mnofu wozungulira utayamba kuda. Anauzula, mafinya n'kutsatira. Bambo sanagwedezeke ngakhale pang'ono. Anangokhala chitsinzinire, akumwetulira, kudikira funso lina.

"Mwamaliza? Nditsegule maso?"

Mayi Crimilda anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, koma misozi sinamve.

"Iyayi, atate ake Carla," anatero. "Tsinzinanibe."