Katundu wa a Daka Pabwalo

Jennipher ankakokera pulawo ya malemu bambo ake, a Daka, pansi pa mtengo wa mango, mlongo wake Titus akumulondola pambuyo.

"Tigulitse vonse pamodzi kwa a Vitalis ku Nyimba," anatero Titus. "Abwela na motoka mailo m'mawa, atipatsa malata makumi awili. Fodya ni uyo ali pamphuno."

"Fodya wako wochipa uyo ukoke wekha," anayankha Jennipher. "Pulawo, njinga, makina osokela na ngolo, vonse pa mtengo wa malata chabe? Tigulitsa chimozichimozi kuno ku Mwape, tipeze na za misomali."

Denga la udzu la amayi awo linali litawola, ndipo mitambo inali itayamba kale kuda. Popanda katunduyu, malata analibe kochokera.

Woyamba kufika anali a Febian, mng'ono wa malemu. Anasisita pulawo ija, misozi n'kulengeza ngati maliro achitika m'mawa womwewo.

"Tinalima nayo pamodzi na akulu anga. Nipatseni ikhale chikumbutso."

"Ili pa malonda, atate," anatero Jennipher.

"Unigulitse ine? Chibale ni fupa, mwana wanga, sichiola."

Amayi, ali pamphasa ndi duku lakuda, anangoti, "Asiye atenge."

Apa m'pamene Jennipher anazindikira kulakwa kwake. Ku Mwape kunalibe mlendo. Aliyense wolowa pabwalopo anali m'bale, ndipo m'bale safunsidwa ndalama pa katundu wa womwalira. Azakhali awo a Rita, amene sanaikepo ulusi pa singano chibadwire, anasenza makina osokera akuimba nyimbo ya maliro. Njinga inapita ndi msuweni wina yemwe malemu sankamupatsa ngakhale moni. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa mtengo.

Jennipher anapsa mtima. Anagwada pafupi ndi mphasa.

"Amai, mvula ikabwela muzafunda chikumbutso?"

"Nikawakana lelo, manda anga azakumba ndani?" anatero amayiwo osamuyang'ana. "Iwe uzabwelela ku Petauke. Ine nikhala nawo."

M'mawa mwake a Vitalis anafika ndi galimoto yawo. Anazungulira ngolo imene inatsala yokha, n'kumenya tayala ndi phazi.

"Nanga vinangu vija vili kuti, amai?"

"Vinapita kukatonthoza abale," anatero Jennipher.

"Mwatonthoza bwino. Apa ni malata asanu na limodzi basi."

Jennipher anadikira kuti Titus amunyoze, kuti apeze pokalipira. Koma Titus anangomanga chingwe pa ngolo.

Malatawo anakwana pamwamba pa bedi la amayi pokha. Mvula yoyamba itagwa, Jennipher anakokera matumba a chimanga kuchipindako kuti asanyowe. Malo oti iye akhalepo sanatsale, choncho anakhala pabalaza, madzi akumudonthera pamsana.