Njere Imene Sinalire

Ku Ndake chimanga sichilowa m'thumba chisanalumidwe. Mwini nkhokwe amatola njere pamulu, kuiika pa dzino la kumbuyo, n'kuluma. Ikalira kuti kha, chauma. Ikangophwanyika mwakachetechete, chibwerere padzuwa. Kunyumba kwa a Luckson Daka ntchito imeneyi inali yawo okha, ndipo ankaigwira monyadira ngati akudalitsa ukwati.

Koma matenda a shuga anali atalowa m'kamwa mwawo. Nkhama zinatupa, zinkatuluka magazi ngakhale akungotsuka, m'kamwa mouma gwa, mano akugwedera. Namwino wa pakliniki anawauza poyera kuti shuga akakwera nkhama zimadwala msanga ndipo sizipola, apite ku Nyimba akaonane ndi dokotala wa mano. Iwo anavomera bwinobwino, monga amachitira amuna ambiri, n'kubwerera kumudzi osauza munthu. Anasiya kuseka pagulu. Chimanga chokazinga ankati chinawakola. Akazi awo, a Rhoda, ankangoti mwina ndi ukalamba.

Tsiku losoka matumba linafika, anansi atabwera kudzathandiza. A Daka anatola njere, anaiika m'kamwa, anayesa kuluma. Ululu unawabaya mpaka m'khutu. Anaizunguza ndi lilime, anailavulira patali pomwe maso safika.

"Chauma," anatero. "Sokani."

A Rhoda anali pafupi, ndipo sanamve kulira kulikonse. Koma mkazi uti angatsutse mwamuna wake pamaso pa anansi? Anatola singano n'kuyamba kusoka.

Mitambo ya mvula itayamba kusonkhana, m'chipinda mosungira munayamba kununkha. A Rhoda anatumbula thumba loyamba, kenako lachiwiri, kenako onse. Chimanga chinali chitagwirana, chakuda, chodzaza chuku. Chakudya cha chaka chonse, cha iwo awiri ndi mwana wawo Jessy ndi adzukulu, chinali chosayenera ngakhale nkhumba. A Rhoda anakhala pansi pakhomo. Sanalire, ndipo zimenezo n'zimene zinawaopsa a Daka.

"Amake Jessy," anatero a Daka. "Onani kuno."

Anagwada, anatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba a Rhoda anaona zimene amuna awo ankabisa: nkhama zofiira ngati nyama yaiwisi, mafinya m'mphepete, ndi mipata kumbuyo komwe kunali mano.

"Anapita kuti?"

"N'nakwilila kuseli kwa khola. N'naopa kuti muzaniona monga nkhalamba yosathandiza."

A Rhoda anawayang'ana. Chisoni chinawagwira, ndi mkwiyo womwe, ndipo sanadziwe choyamba kutulutsa. Anawapukuta magazi pamlomo ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Mailo kukaca tizapita ku Nyimba, olo mukane," anatero motsitsa. "Koma atate a Jessy, zaka zonsezi takhala nyumba imodzi. Ine mano nili nao, onse. Sembe munanipatsa cabe njele ija, n'kanailuma ine."