Mayi a Chipewa Atasiya Ntchito

Atelala anafika pa ofesi ya za ana ku khonsolo atamugwira dzanja Kampheta, koma anapeza pachitseko pali loko. Mlonda anali pampando wake akumvera wailesi.

"Mukufuna Mayi a Chipewa? Anasiya ntchito," anatero mlondayo.

"Asiya bwanji? Nanga mlandu wa mwanayu?"

"Ine mayi ndimalondera zitseko, osati milandu."

Kampheta anali mwana wa malemu achemwali awo a Atelala. Dzinali anamupatsa chifukwa anali wochepa thupi komanso wosakhazikika malo amodzi. Mayi ake atamwalira, bambo ake analowerera ndi mowa n'kuyamba kumamumenya ndi lamba. Mayi a Chipewa, mlangizi woteteza ana wa khonsolo, ndi amene anamuchotsa kumeneko n'kudzamusiya kwa Atelala ndi amuna awo, Akalipentala. Poyamba mwanayo sankayankhula. Mlangiziyo ankangokhala naye pansi pafupi ndi makina osokera, akusankha mabatani, mpaka tsiku lina mwanayo anafotokoza zonse. Chimene chinatsala chinali choti khoti ligamule kuti Kampheta azikhala kwa amayi ake aang'onowo.

Tsopano munthu wodziwa nkhani yonseyo anali atapita.

Patapita nthawi khonsolo inatumiza mlangizi wina. Anamuuza Kampheta kuti afotokoze kuyambira pachiyambi. Mwanayo anafotokoza akulira. Mlangiziyo sanakhalitse, anapeza ntchito kwina. Wachitatu anali wobwereka ku ofesi ina ndipo anangobwera kamodzi. Kampheta anangomuyang'ana, kukamwa kuli yasaa koma mawu osatuluka.

Tsiku la mlandu litafika, kukhoti kunalibe mlangizi woti apereke umboni. Mlandu unaimitsidwa. Unadzaimitsidwanso. Kenako tsiku lina masana Kampheta sanabwere kuchokera kusukulu. Bambo ake anali atakamutenga. Aphunzitsi analibe chowaletsera, chifukwa khoti linali lisanagamule. Mphekesera zinamveka zoti anakamusiya kwa anthu ena kutali kuti azigwira ntchito yapakhomo.

Atelala anayenda mpaka nsapato kutha. Kulikonse ankawauza zofanana: nkhani ya mwana imafuna mlangizi wa za ana. Koma pachitseko paja loko anali pompo.

Tsiku lina Anesi, amene ankakhala nyumba yoyandikana nawo, anabweretsa yunifolomu yoti aphatike. Anawapeza Atelala atangogwira tsaya, makina ali chete.

"Mayi a Chipewa aja anatigwiritsa mwala," anadandaula Atelala. "Munthu kungochoka osatsanzika? Ngakhale kale lomwe, akati ndibwera m'mawa ankafika dzuwa litapendeka."

Anesi anakhala pansi. "Anzanga, kodi munawafunsapo chimene chinkawachedwetsa?"



"Dera lonseli anali okha," anapitiriza Anesi. "Mwana akagwiriridwa, iwo. Khanda likatayidwa, iwo. Kukhoti, iwo. Njinga yamoto ya ofesi inafa kalekale, ankayenda wapansi, n'chifukwa chake chipewa sichinkachoka kumutu. Ofesi yawo ndi yomwenso ankasungiramo matsache ndi mipando yothyoka, moti mwana akamaulula zoopsa, wina ankalowa kudzatenga ndowa. Kuchipatala kwathu ankabwera ndi ana ovulala, akatero n'kukaima kuseri kwa chipinda cha mankhwala kukalira. Analibe wamkulu womuuza zimene aona. Pamsika anthu ankawanena kuti ndi wolanda ana. Inuyo mukanakhala?"

Akalipentala, amene ankapala thabwa pakhonde, anaika pansi chopalira. "Ife timaona ngati anthu a m'maofesi amangozungulira pamipando ya ndalema."

"Mpando wawo unali wa miyendo itatu," anatero Anesi. "Mukanauona inu akalipentala mukanalira."

Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunapite patali.

"Ndiye titani?" anafunsa Atelala.

"Misonkhano ya khonsolo si yachinsinsi. Nzika iliyonse ili ndi ufulu wopita kwa khansala wake n'kupempha kuti nkhani ikambidwe. Timapitako msewu ukakumbika kapena mpope ukauma. Koma za anthu oteteza ana athu, ndani anakayankhulapo?"

Atelala anayenda khomo ndi khomo. Anadabwa kupeza kuti sanali okha. Panali agogo olera ana amasiye, bambo wa mwana wolumala amene ankadikira thandizo, ndi mphunzitsi amene ankadziwa za mtsikana wokakamizidwa kukwatiwa koma osadziwa kokanena. Onsewa anapita limodzi kwa khansala, ndipo iye anavomera kuti akayankhule pamsonkhano.

M'chipinda cha msonkhano munali tebulo lalitali ndi fani yolira ngati chigayo. Atelala anaimirira.

"Ine sindidziwa kuyankhula pagulu, ndimadziwa singano," anatero. "Koma mwana wa achemwali anga sindikudziwa kumene wagona. Mwatitumizira alangizi atatu, onse apita. Aliyense akabwera amatsegula bala la mwana, n'kuchoka osalimanga."

Mkulu woona zolemba anthu ntchito anayankha modzichepetsa. "Mayi, timalengeza ndithu malo a ntchito. Anthu amabwera, koma sakhalitsa."

"Ndiye musangolengeza," anatero Anesi. "Funsani chimene chikuwathamangitsa."

Nkhaniyo inakambidwa pamisonkhano ingapo, ndipo makhansala ena ankati msewu ndiwo wofunika kuposa zonse. Atelala ndi anzawo aja sanatope, ankapita ulendo uliwonse. Pomaliza khonsolo inagwirizana zolemba alangizi okwanira kuti azigawana ntchito, ndi kuwaikira wamkulu wodziwa ntchitoyo woti azikhala nawo pansi n'kumva mavuto awo. Njinga inakonzedwa. Matsache anatulutsidwa, ndipo Akalipentala anadula chipindacho pakati ndi matabwa kuti mwana aziyankhula popanda womumvetsera. Khonsolo inalonjezanso kuthandiza achinyamata a m'deralo kukaphunzira ntchitoyi kuti adzagwire kwawo komweko.

Mmodzi mwa alangizi atsopanowo, amene ana anamutcha Asisi a Magalasi, anatenga nkhani ya Kampheta. Mothandizana ndi apolisi anamupeza akutsuka mbale kuseri kwa nyumba ya eni, ataonda, pamkono pali chipsera cha madzi otentha. Ulendo uno mlangizi analipo kukhoti, ndipo chigamulo chinatuluka: Kampheta azikhala kwa amayi ake aang'ono.

Koma chaka cha sukulu chinali chitapita. Anzake anali kalasi yapatsogolo. Mlendo akagogoda, Kampheta ankathawira kuseri kwa makina. Mayi a Chipewa nawo sanabwererenso. Anesi anamva zoti anasiyiratu ntchito ya za ana. Atelala akamasoka ankaima n'kupumira m'mwamba.

"Tikanapita kukhonsolo kuja mayi aja akadalipo, bwenzi mwanayu alibe chipsera," ankatero.

Asisi a Magalasi ankabwerabe kudzamuona mwanayo. Tsiku lina akunyamuka, Kampheta anawagwira siketi.

"Inunso muchoka?"

Mlangiziyo anagwada kuti alingane naye. "Ayi, mwanawe. Kuofesi ndili ndi anzanga, ndikatopa amandilandira. Sabata yamawa undionanso."

Ndipo anabweradi, sabata imeneyo ndi zotsatira zake.

Mwana amene wavulazidwa amafuna munthu mmodzi womudziwa, amene sachokachoka. Kulemba mlangizi wa za ana ntchito n'chiyambi chabe. Kuti akhalitse pafunika anzake ogawana nawo ntchito, wamkulu womumvera, zipangizo, malo abwino ndi ulemu wochokera kwa ife. Pitani kwa khansala wanu, funsani kuti alangizi a za ana alipo angati ndipo akugwira ntchito motani. Musadikire kuti mwana wa m'nyumba mwanu asowe kaye.