Makaseti Makumi Anayi a Usiku Umodzi

"Iyinso ndi yomweyo," anatero Yayat, naponya kaseti ina m'thumba. "Jakarta, Jakarta, Jakarta. Munthu makutu awiri okha, koma makaseti makumi anayi a usiku umodzi!"

Nining anangomutambasulira mlongo wakeyo thumba lina. Linali tsiku lachisanu chimwalirireni bambo awo, Abah Dudung, ndipo msana unali utamukana. Ntchito inali yomweyomweyo: kuyala mikeka, kuphikira mpunga anthu obwera kudzapemphera, kutsuka matambula a khofi, kuyalula mikeka. Mkuja kunali sadaka ya tsiku lachisanu ndi chiwiri. Anthu a m'kanjira konse ka kwawo ku Bandung anali oti abwera, ndipo pabalaza sakanakwanapo. Chipinda cha makaseti chinayenera kukhala chopanda kanthu.

Yayat anabwera ndi nzeru yake. Pa zoimbaimba zilizonse asungepo kaseti imodzi, ija Abah analembapo kuti imamveka bwino. Zotsalazo, pamodzi ndi chiwailesi chakale cha makaseti awiri, apatse wogula zakutha amene amadutsa ndi ngolo masana.

Kunena zoona, Nining sankawamvera chisoni makasetiwo. Anakula akulimbirana nawo bambo ake, ndipo nthawi zonse ankaluza ndi iye. Abah akaweruka ankadzitsekera m'menemo, zomvera kukhutu zili m'mutu, kumvetsera magulu a roko a kunja amene anthu wamba anawajambula mozemba m'mabwalo. Ukawaitana ankangokweza chala. Za mayi awo, Imas, amene anamwalira pobereka Yayat Nining ali ndi zaka ziwiri, sankanenapo kanthu. M'nyumba monse munali chithunzi chawo chimodzi chokha.

Ali pakati pa ntchitoyo anafika Koh Abun, nkhalamba yokonza mawailesi, mnzawo wa Abah wa zaka makumi asanu. Anaima pakhomo, nayang'ana matumbawo, kenaka mashelefu opanda kanthu.

"Mukutaya ziti?"

"Zobwereza, Koh," anayankha Yayat. "Zabwinozabwino tasunga."

"Zobwereza! Iwe mutuwo ndi wongovalira chipewa eti?"

Nkhalambayo inakhala pa katoni, ikupuma movutikira. Inati palibe kaseti yobwereza pamenepo. Iliyonse anajambula ndi munthu wake, kawailesi atabisa m'chikwama kapena m'jekete, ali pamalo ake m'bwalo la mpira ku Jakarta, usiku umene kunaimba gulu lina la kunja. Wina anali pafupi ndi oimba, wina kumbuyo kwenikweni, wina pafupi ndi wogulitsa mtedza.

"Ife tonse timasaka imene gitala akumveka bwino, anthu ali duu. Bambo anuwa ankasaka yaphokoso. Ankapereka kaseti yomveka bwino n'kulandira yomveka ngati msika. Tinkawaseka kuyambira ku Medan mpaka ku Surabaya."

Anapisa dzanja kuseri kwa shelefu, natulutsa chikatoni chophwatalala. Panali pojambulidwa bwalo lonse ndi pensulo, timitanda titafalikira paliponse. Pakona imodzi panali kamzere kozungulira.

"Apa ndi pamene anakhala ndi mayi anu usiku umenewo. Iwe, Nining, unali m'mimba. Zaka zonsezi ankafuna munthu amene anajambula ali pafupi nawo."

Nining anaika pansi kaseti imene inali m'manja mwake. "Anamupeza?"

"Mwezi wathawu. Mayi wina wamasiye wa ku Semarang anatumiza ya malemu mwamuna wake. Makutu a Dudung anali atatha kale, ndiye anandiitana kuti ndimvetsere ine. Mayi anu alimo. Kanthawi kochepa, koma alimo."

"Nanga osatiuza bwanji?"

"Amati akujambulire yako kaye. Suwadziwa? Kuti alankhule za mumtima kunali ngati ukuwazula dzino."

Nining anamva mkwiyo ndi chisoni nthawi imodzi, koma mphamvu zolirira analibe. Zaka pafupifupi makumi asanu sankadziwa ngati mayi ake anali a mawu aang'ono kapena okhuthala. Tsopano mawuwo anali penapake m'zinthu zimene iye mwini anathandiza kuponya m'matumba.

"Ndi iti, Koh?"

"Dzina sindinaliwerenge. Maso angawa ndi a dzana. Koma bambo anu kaseti iliyonse ankaibweza ndi pensulo mpaka poyambira asanaisunge. Imeneyo yokha sakanaibweza. Funani imene yaima pakati."

Anakhuthulira matumba onse pansi. Anakhala pa simenti ngati anthu osankha mpunga, akukweza kaseti iliyonse kuwindo. Yobweza. Yobweza. Yobweza. Kukhitchini mkazi wa Yayat anaitana kawiri kuti nthochi zokazinga zikuzizira, koma palibe anadzuka. Atamaliza, za ku Jakarta zinalipo makumi atatu ndi imodzi, zonse zobweza mpaka poyambira.

"Zinazo zili kuti?" anafunsa Nining.

Yayat anayang'ana pansi. "Thumba limodzi linapita dzulo, Teh." Teteh, kapena kuti achemwali, ankatero pokhapokha akalakwa. "Ndimati ndikupeputsireni ntchito."

Nining anatsegula pakamwa kuti amukalipire, koma atamuona anangotseka. Bambo wa ana atatu, imvi zitayamba kale, anali atagwira chikatoni chija ndi manja awiri. Iye ngakhale tsiku limodzi sanakhalepo ndi mayiwo.

Panja panamveka wogula zakutha akugogoda chitsulo pa ngolo yake. Yayat anathamangira komweko osavala n'komwe nsapato. Nining anawamva akukangana pang'ono, kenaka mlongo wake anabwerera mapewa ali pansi. Thumba la dzulo linali litapita kale kogaya mapulasitiki.

"Akuti wabwerera chiwailesi chija," anatero Yayat motsitsa mawu.

"Mpatse," anatero Nining. "Ndatopa ine."

Yayat anazula chingwe pakhoma, nachinyamula chiwailesicho. Podutsa pafupi ndi Nining, dzuwa linawomba pa tizitseko take tiwiri tafumbi. Nining anamugwira mwendo wa buluku.

"Taima."

Anapukuta kachitseko kakumanzere ndi nsonga ya mpango wake. M'katimo munali kaseti, tepi yake itagawika pakati, theka uku theka uku.

Koh Abun analumikiza yekha chingwe. Nining anadina batani. Kunamveka mluzu, kukuwa, ng'oma zili kutali ngati zikuchokera m'nyumba ya aneba. Wina anatsokomola. Kenaka, pafupi kwambiri, mkazi wachitsikana anaseka.

"Dung! Tagwira apa msanga! Akuvina mwana wakoyu!"

Mnyamata wina anaseka naye, kuseka kwa munthu wopanda nkhawa, kumene Nining sanakumvepo m'nyumba imeneyo. Kenaka gitala anameza zonse.

Panja chitsulo chinalira kawiri, ngolo n'kupitirira.

"Bwezaninso, Teh," anatero Yayat, akupukuta mphuno ndi mkono.

Nining anatsegula kaye kachitseko kakumanja. Munali kaseti yatsopano, yosajambulidwa. Abah anali atailemba kale monga ankalembera zonse, ndi zilembo zawo zazing'ono zowongoka: malo, tsiku, ndi dzina la oimba. Koma pamzere wa oimbawo sanalembe gulu la kunja lija. Analemba kuti Imas ndi Nining.

Anaibwezera m'malo mwake. Kenaka anatola pensulo ya Abah pa shelefu, natulutsa kaseti yaphokoso ija, n'kuyamba kuibweza pang'onopang'ono ndi dzanja.